Pulogalamu imodzi pa Windows, Android ndi iPhone: zimatheka bwanji, ndipo zimavutira pati?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo makompyuta otere ndi omwe mumawapeza pa kaunta m'mashopu a pa boma la Mangochi ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Mwini bizinesi akayamba kuganiza zosintha makina, funso lake limakhala loti: pulogalamu yanga yolembera katundu ndi malisiti idzagwira pa makina atsopanowo? Nanga pa foni ya mnyamata amene amapita ndi katundu ku Namwera?

Opanga mapulogalamu amayankha ndi mawu akuti cross-platform, kutanthauza pulogalamu yolembedwa kamodzi koma yogwira pa makina a mitundu yosiyana. Mawuwa ndi oona, koma amanena za mkati mwa pulogalamu. Mbali imene pulogalamuyo imakhudzana ndi pulinta, netiweki, batire ndi malamulo a Apple kapena Google imafunabe ntchito yapadera pa mtundu uliwonse wa makina, ndipo ndalama zambiri ndi madandaulo ambiri zimachokera kumeneko.

Chifukwa chimene pulogalamu singangosamuka

M'kompyuta kapena m'foni iliyonse muli pulogalamu yaikulu yolamulira zonse, yotchedwa operating system, mwachidule OS. Zodziwika ndi Windows ya Microsoft, Android ya Google, iOS ndi macOS za Apple, komanso Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ndipo lero imayendetsa maseva ambiri, omwe ndi makompyuta osunga ndi kutumiza zinthu za pa intaneti. Pulogalamu ya bizinesi siigwira yokha sikilini, kamera kapena malo osungira mafayilo. Imapempha OS kuti: "ndijambulire batani apa", "ndisungire fayilo iyi", "tumiza izi ku pulinta". OS iliyonse ili ndi njira yakeyake yopemphedwera, ndipo simva njira ya inzake.

Pansi pa OS palinso purosesa, kachipangizo kamene kamachita mawerengedwe onse a makinawo. Makompyuta ambiri a Windows amagwiritsa ntchito mtundu wa x86 wa Intel ndi AMD, pomwe mafoni, komanso makompyuta a Apple kuyambira pa M1 ya mu 2020, amagwiritsa ntchito mtundu wa ARM. Malangizo amene munthu walemba, otchedwa code, amayenera kusinthidwa kuti akhale m'chinenero cha purosesa imeneyo. N'chifukwa chake fayilo ya .exe, ya pulogalamu ya Windows, singatseguke pa foni ya Tecno, ndipo fayilo ya .apk, ya pulogalamu ya Android, singatseguke pa iPhone.

Taganizirani wogulitsa nsomba pamsika wa Mangochi. Mtengo wa mulu wa usipa, phindu lake ndi chenji zili m'mutu mwake, ndipo sizisintha kaya wogula walankhula Chiyao, Chichewa kapena Chingerezi. Chimene chimasintha ndi kayankhidwe. Mwini benchi angalembe ntchito ogulitsa atatu, aliyense wa chinenero chake, kapena wogulitsa mmodzi wokhala ndi omasulira. Ogulitsa atatu amalankhula bwino koma amadya malipiro atatu, ndipo mtengo ukasintha uyenera kuwauza onse, mwina wina n'kuiwala. Wogulitsa mmodzi salakwitsa mtengo, koma nkhani ikalowa m'mawu amene womasulira sawadziwa, malonda amaima.

Njira zimene opanga mapulogalamu amatsata

Njira ya ogulitsa atatu imatchedwa native: pulogalamu ya Android imalembedwa m'chinenero cha Kotlin kapena Java, ya iPhone mu Swift, ya Windows kawirikawiri mu C#. Imathamanga bwino ndipo imafika pa chilichonse chimene makinawo ali nacho, koma ndi mapulogalamu atatu ofuna kusamalidwa katatu.

Njira zina zonse zimadalira framework, amene ndi maziko okonzedwa kale pomwe wopanga pulogalamu amamangapo yake. Maframework amasiyana pa mmene amalankhulira ndi OS.

Flutter, ya Google, imene inatuluka mokwanira mu Disembala 2018 ndipo imalembedwa m'chinenero cha Dart, siipempha OS kuti ijambule mabatani. Imangotenga sikilini yopanda kanthu n'kujambula yokha chilichonse. Zotsatira zake n'zakuti pulogalamu imaoneka chimodzimodzi pa itel, pa iPhone ndi pa laputopu, zimene zimathandiza pophunzitsa antchito. Kuipa kwake n'kwakuti Apple kapena Google akasintha maonekedwe a OS yawo, pulogalamuyo siisintha yokha.

React Native, imene Facebook inatulutsa mu 2015, imalembedwa m'chinenero cha JavaScript koma imagwiritsa ntchito mabatani enieni a OS iliyonse. Pa iPhone imaoneka ngati ya iPhone, pa Android ngati ya Android. Mphamvu zake zili pa mafoni. .NET MAUI ya Microsoft, ya mu 2022, imachita zofanana ndi zimenezi m'chinenero cha C# pa Android, iOS, macOS ndi Windows, koma Microsoft siiperekera chithandizo cha Linux. MAUI inalowa m'malo mwa Xamarin, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Meyi 2024, ndipo amene anamanga pa Xamarin anakakamizika kusamutsa ntchito yawo. Maziko nawonso amatha, ndipo mwini bizinesi ayenera kudziwa kuti pulogalamu yake yakhala pa maziko ati.

Electron ndi ya makompyuta okha: Windows, macOS ndi Linux. Imatenga pulogalamu yolembedwa ngati tsamba la pa intaneti n'kuikulunga pamodzi ndi browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) yathunthu ya Chromium. Slack ndi Visual Studio Code anapangidwa choncho. Popeza pulogalamu iliyonse imanyamula browser yakeyake, ikaikidwa imapitirira ma MB 100 ndipo imadya RAM yambiri (malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito pa nthawiyo), moti pa kompyuta yakale ya RAM ya 4 GB kulemera kwake kumaoneka msanga. Kotlin Multiplatform, ya kampani ya JetBrains, imalola kugawana mawerengedwe okha n'kusiya maonekedwe kuti alembedwe padera. Palinso Qt, framework ya chinenero cha C++, imene yakhalapo kuyambira mu 1995.

Pomaliza pali pulogalamu yongotsegula mu browser, monga Chrome, Edge kapena Safari. Mtundu wake wotchedwa PWA umatha kuikidwa pa sikilini ya foni ndi kugwira ngakhale netiweki yathawa. Palibe njira ina yofika pa makina ambiri motchipa kuposa iyi, komanso palibe ina imene imamangidwa manja ngati iyi ikafuna kugwira zipangizo zakunja.

Chimene chimalembedwa kamodzi

Pulogalamu ya bizinesi yomangidwa bwino imakhala ndi magawo olekanitsidwa. Pakati pali malamulo a bizinesi: kuwerengera mtengo, kuchotsera wogula zambiri, kuika msonkho wa VAT, kuchepetsa katundu pa shelefu, kulemba ngongole. Gawo ili silisamala kuti lili pa makina ati, ndipo ndi limene limapindula kwambiri ndi kulemba kamodzi. Boma likasintha mlingo wa VAT, mumasintha malo amodzi, makina onse n'kumawerengera mofanana.

Pambali pake pali posungira zolembedwa. Pafupifupi maframework onse amatha kugwiritsa ntchito SQLite, database yaing'ono yokhala mu fayilo imodzi mkati mwa foni kapena kompyuta, ndipo seva ya pa intaneti imasunga zonse za nthambi zonse. Kenako maonekedwe. Code ya maonekedwe imagawanika, koma kapangidwe ayi: kalaliki wa pa kaunta amafuna kulemba mwachangu ndi kiyibodi ndi kuona mizere makumi atatu nthawi imodzi, pomwe wogulitsa woyenda amafuna mabatani akuluakulu oti adine ndi chala chimodzi padzuwa. Pulogalamu ya foni yongotambasulidwa pa laputopu imatopetsa woigwiritsa ntchito tsiku lonse.

Gawo lomaliza ndi la zipangizo, ndipo limalembedwa padera pa OS iliyonse, kaya ndi wopanga pulogalamuyo kapena ndi munthu wina amene anakonza kachidutswa kolumikizira kotchedwa plugin. Plugin imodzi ikhoza kugwira pa Android ndi iOS koma osagwira pa Windows. Musanavomereze framework, ndi bwino kulemba mndandanda wa zipangizo zonse za m'shopu n'kuona ngati chilichonse chili ndi plugin yosamalidwa pa OS zonse zimene mukufuna.

Pulinta ya malisiti

Timapulinta ta malisiti timabwera ndi pepala la 58 mm kapena 80 mm, ndipo tambiri timamva malangizo otchedwa ESC/POS amene Epson inayambitsa. Pepala la 58 mm limalowa zilembo pafupifupi 32 pa mzere, la 80 mm pafupifupi 48, choncho lisiti lokonzedwera pepala lalikulu limathyoka mizere pa laling'ono, mtengo n'kugwera pansi pa dzina la katundu.

Vuto lalikulu ndi kalumikizidwe. Timapulinta totchipa tambiri timagwiritsa ntchito Bluetooth yakale, yotchedwa SPP. Android imalola zimenezi. iPhone silola pokhapokha pulintayo itavomerezedwa ndi Apple kudzera mu ndondomeko yake ya MFi, apo ayi pamafunika pulinta ya Bluetooth Low Energy kapena ya Wi-Fi. Pa Windows pulinta yomweyo imalumikizidwa pa USB ndipo imafuna driver, kapulogalamu kolumikiza pulintayo ndi OS. Mu browser, Chrome ndi Edge zili ndi njira zolankhulira ndi zipangizo za USB ndi Bluetooth Low Energy, koma Safari ilibe. Kuyambira pa Android 12, pulogalamu iyeneranso kupempha chilolezo chapadera isanalumikize chipangizo cha Bluetooth, ndipo wantchito akadina kukana, pulinta imangoti zii osanena chifukwa. Pulinta imodzi, njira zinayi zolembera code.

Kwa amene analembetsa VAT, lisiti liyeneranso kugwirizana ndi zimene MRA imafuna pa malisiti a msonkho, ndipo zimenezi ndi zofunsa pulogalamu isanayambe kulembedwa.

Netiweki ikathawa

Apa mpamene pulogalamu yoyenera ku Mangochi imasiyana ndi yoyenera mu ofesi ya ku Blantyre. Panjira ya ku Makanjira kapena m'midzi ya ku Nankumba, netiweki imabwera n'kuthawa, ndipo magetsi akazima rauta ya m'shopu imazimanso. Pulogalamu iyenera kulemba malonda aliwonse mu SQLite ya m'makinamo poyamba, n'kuwaika pa mzere wodikira, kenako n'kuwatumiza ku seva netiweki ikabwerera.

Tiyerekeze kuti m'nyumba yosungira katundu muli mabelo 10 a shuga. Netiweki yathawa. Kompyuta ya pa kaunta yagulitsa mabelo 3, ndipo foni ya wantchito wina yagulitsa 4. Ngati makina aliwonse atumiza ku seva chiwerengero chotsala, kompyuta inena kuti 7, foni inena kuti 6, ndipo seva isunga chimene chafika pomaliza. Zonse ziwiri n'zabodza, chifukwa mabelo otsala ndi 3. Njira yoyenera ndi kutumiza chochitika, osati chotsala: "chotsani 3", "chotsani 4", seva n'kuwerengera yokha.

Chinanso: foni yatumiza malonda, seva yalandira, koma netiweki yaduka yankho lisanabwerere. Foni imaganiza kuti sizinapite, n'kutumizanso, ndipo malonda amodzi amalembedwa kawiri. Mankhwala ake ndi kupatsa malonda aliwonse nambala yosabwerezeka yopangidwa m'makinamo, yotchedwa UUID, kuti seva ikaona nambala yomweyo kachiwiri ingovomereza osalembanso. Manambala a malisiti nawonso ayambe ndi chizindikiro cha makina, monga MB1 ku Monkey Bay ndi BM2 pa boma, kuti makina awiri asatulutse lisiti la nambala imodzi.

Kutumiza zodikirazi kumasiyananso ndi OS. Pa Windows pulogalamu imapitiriza kugwira malinga kompyuta yayaka. Android imagoneka mapulogalamu amene sakugwiritsidwa ntchito kuti isunge batire, ndipo opanga mafoni ena amawonjezera njira zawo zotsekera mapulogalamu. iOS imapereka mpata wochepa kwambiri, pa nthawi imene yasankha yokha. Choncho sikilini iyenera kuonetsa poyera kuti malonda angati sanapite, ndipo pakhale batani lotumizira pamanja. Kwa PWA pa iPhone palinso ngozi ina: Safari imatha kufafaniza zimene tsamba linasunga pakapita masiku 7 oigwiritsa ntchito osatsegula tsambalo, pokhapokha litaikidwa pa sikilini ya foni.

Za Airtel Money ndi TNM Mpamba, kulumikiza kuchitike pa seva. Makiyi achinsinsi olumikizira asaikidwe mu pulogalamu ya pa foni, chifukwa fayilo ya .apk munthu wodziwa amatha kuitsegula n'kuwerenga zamkati.

Tambala, nthawi ndi zilembo

Makompyuta sasunga bwino manambala a dontho. M'zinenero zambiri, 0.1 kuphatikiza 0.2 zimatulutsa 0.30000000000000004. Pa lisiti limodzi sizioneka, koma pa malisiti masauzande, ndi VAT yowerengedwa mzere ndi mzere, lipoti la foni ndi la seva zimayamba kusiyana ndi matambala. Ndalama zisungidwe ngati nambala yathunthu ya matambala, K1,250.50 ikhale 125050, ndipo pakhale lamulo limodzi lolembedwa la pomwe kufupikitsa manambala a dontho kumachitikira.

Nambala yathunthu nayo ili ndi malire. Mtundu wamba wa nambala yathunthu, wotchedwa 32-bit, mu Java, Kotlin ndi C# umathera pa 2,147,483,647. Akakhala matambala, amenewo ndi K21,474,836.47 basi, ndalama imene malo ogona alendo kapena shopu yoodetsa katundu ingadutse. Ikadutsa, chiwerengero chimatembenuka n'kukhala cha pansi pa ziro. Pamafunika mtundu waukulu wa 64-bit paliponse pamene ndalama zikudutsa.

Nthawi ya Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, yoyendera dziko lonse, imene maseva ambiri amagwiritsa ntchito. Bala ya ku Cape Maclear ikagulitsa 1 koloko usiku, seva imaona ngati ndi 11 koloko usiku wa dzulo lake, ndipo lipoti la tsiku likapanda kusinthira ku nthawi yathu, malondawo amagwera pa tsiku lina. Kompyuta yosiyidwa pa kalembedwe ka ku America imawerenga 03/04 ngati pa 4 Malichi pomwe ife tikunena pa 3 Epulo. Kulemba chaka, mwezi, tsiku, monga 2026-04-03, kumathetsa mkanganowo.

Chilembo cha ŵ, chopezeka m'mayina ena a Chichewa ndi Chiyao, chimafuna njira yosungira zilembo m'kompyuta monga ya UTF-8. Mapulogalamu akale a Windows ndi timapulinta tambiri sitikhala nacho, ndipo timasindikiza chizindikiro cha funso m'malo mwake. Fayilo ya CSV, yosunga mndandanda wa zolembedwa, ikatsegulidwa mu Excel, manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099 amataya ziro woyambirira chifukwa Excel imawatenga ngati chiwerengero. Windows imaona Lisiti.pdf ndi lisiti.pdf ngati fayilo imodzi, pomwe seva ya Linux imaona mafayilo awiri. Zinthuzi ndi zazing'ono, koma ndi zimene zimachititsa kuti pulogalamu igwire pa laputopu ya woipanga n'kukana pa kaunta.

Kuifikitsa kwa oigwiritsa ntchito

Ngakhale code ili imodzi, iyenera kumangidwa padera pa OS iliyonse. Ya iPhone imamangidwa ndi Xcode, imene imagwira pa macOS yokha, choncho pamafunika Mac, yogula kapena yobwereka pa intaneti. Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse, pomwe Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi. Ndalamazi zimalipidwa m'madola kudzera pa khadi la banki, ndipo ya Apple ikapanda kulipidwa pulogalamu imachoka mu App Store. Google imafunanso kuti mapulogalamu azikonzedwa kuti agwirizane ndi Android yatsopano chaka ndi chaka. Pa Windows, pulogalamu yosasainidwa ndi chiphaso cha woipanga imabweretsa chenjezo la SmartScreen, ndipo macOS imakana yosavomerezedwa ndi Apple.

Pa Android antchito amatha kupatsirana fayilo ya .apk popanda kuwononga bandulo. N'zothandiza, koma zimabweretsa vuto lakuti mafoni amakhala ndi mapulogalamu a misinkhu yosiyana, ena yakale ena yatsopano. Seva iyenera kudziwa msinkhu wa pulogalamu iliyonse imene ikulankhula nayo, n'kumalandirabe yakale kwa nthawi yoikika, kenako n'kuikakamiza kusintha. Mafoni ena otchipa a Android Go, mtundu wopepuka wa Android, amayendetsa mapulogalamu omangidwira 32-bit okha, ndipo fayilo yomangidwira 64-bit yokha imakana kulowa.

Zoyesa ndi zolemba mu mgwirizano

Kuyesa kuchitike pa makina ofooka kwambiri amene bizinesi ili nawo, osati pa foni yabwino ya bwana. Gulitsani ndi data yozimitsa, kenako muyatse n'kuona ngati chiwerengero cha katundu chagwirizana. Zimitsani kompyuta pakati pa malonda ngati mmene magetsi amachitira. Gulitsani chinthu chimodzi pa makina awiri nthawi imodzi. Sindikizani lisiti lalitali pa pulinta yeniyeni ya m'shopu. Sinthani tsiku la pa foni mwadala muone ngati seva izindikira, chifukwa wantchito wosakhulupirika amatha kubisa malonda mwa njira imeneyi.

Ndi bwinonso kuwerenga makina amene alipo musanalipire OS imene palibe akuigwiritsa ntchito. Shopu imene antchito ake onse ali ndi Android ndi kompyuta imodzi ya Windows ingayambe ndi ziwirizo, pomwe malo ogona alendo amene akufuna kuti alendo ochokera kunja azisungitsa okha zipinda amafunika kufika pa iPhone, mwina kudzera mu browser. OS iliyonse yowonjezera imabweretsa kuyesa kwake ndi kukonza kwake chaka chilichonse, ngakhale code ikhale imodzi.

Mu mgwirizano ndi wopanga pulogalamu mulembedwe dzina la framework, ma OS ndi misinkhu yake yotsikitsitsa, mitundu ya mapulinta, ndi mtengo wosamalira pulogalamuyo pachaka. Popeza pulogalamuyo idzasunga mayina ndi manambala a makasitomala, lamulo la Data Protection Act la mu 2024 likukhudza mwini bizinesi, choncho pafunika kulemba kumene seva ili ndi amene ali ndi mphamvu yoona zosungidwazo. Maakaunti a Google Play, Apple ndi seva atsegulidwe m'dzina la bizinesi, ndipo code yonse iperekedwe kwa mwini wake pamodzi ndi kiyi yosainira pulogalamu ya Android. Ngati .apk imagawidwa pamanja ndipo kiyi imeneyi yatayika, mafoni amakana kulandira pulogalamu yokonzedwa pamwamba pa yakale. Imayenera kuchotsedwa kaye, ndipo malonda onse amene anali asanatumizidwe ku seva amafafanizika nayo limodzi.